Mufuna nyanja mu sitingi rumu? Yambani mwafunsa malaiti

Sabata ino tikambeko na inu amene zokolola zakuyenderani bwino, ndalama ikuyabwa m'thumba.

Mulamu wanga wa ku Lundazi ni mmodzi wa inu. Soya na nshawa wagulitsa, nyumba wamanga, matailosi waika. Ananitumira foni usiku: "Ba mulamu, naona pa TikTok. Nifuna thanki ya galasi ya malita 500, ya madzi a mcere, yokhala na ma coral na tunsomba twa orenji monga twa mu Finding Nemo. Alendo akangena azikangiwa kukamba." Ninamuuza kuti ndalama ikhale m'thumba mpaka timalize masamu. Masamu amenewo ndiye nakubweretserani, cifukwa nidziwa kuti si iye yekha amene waona vidiyo ija.

Tiyambe na kulema. Lita imodzi ya madzi ni kilo imodzi. Malita 500 ni makilo 500, ndipo mukaonjezapo galasi, miyala na mcenga mwapitirira 600. Ni monga matumba 12 a cimanga a 50 kg ounjika pa kamalo kamodzi. Kabati ya TV singakwanitse. Pafunika sitandi ya nsimbi, pansi pa konkiriti, poongoka bwino. Ikapendama olo pang'ono, galasi imayamba kukoka mbali imodzi, ndipo tsiku lina muzauka m'nyumba muli dambo.

Manje mcere. M'nyanja yaikulu muli magalamu 35 a mcere pa lita iliyonse. Kudzaza thanki yanu koyamba kufuna makilo 17 na hafu, kapena kuposako. Ndipo si mcere wa mu ndiwo ai. Ni wosakaniza na calcium, magnesium na zina zimene ma coral amamangira mafupa ao. Pa kantemba simungaupeze, uyenera kuitanitsidwa kutali. Sabata iliyonse kapena awiri mufunika kucotsa malita 50 na kuikamo atsopano, kutanthauza makilo ena pafupifupi awiri a mcere. Madzi a pa mpopi ali na chlorine, a borehole ali na tuzinthu tumene ma coral sakonda, ndiye pafunika makina osefa ochedwa RO, amene amataya madzi ambiri kuposa amene akupatsani. Cinanso: madzi akauma na kutentha, mcere umatsala. Poonjezera mumathira madzi osefa opanda mcere. Mukathira a mcere, mwaonjeza ukali, nsomba zizavutika.

Koma nkhani yaikulu ni malaiti. Coral si mwala ndipo si duwa, ni kanyama. M'thupi mwake mumakhala ndere zing'onozing'ono zimene zimakapangira cakudya na kuwala, ndiye pafunika magetsi amphamvu maola 8 mpaka 10 tsiku lililonse. Mapampu oyendetsa madzi sapuma usana na usiku. Madzi afunika kukhala pakati pa madigiri 24 na 26. Mu June na July, pamene ku Lundazi m'mawa mufuna mbaula, pafunika hita. Mu October pafunika coziziritsa. Madzi akatentha maningi, coral imataya ndere zake, imasanduka yoyera, ndipo kutentha kukapitiriza imafa. Ndiye zinacitika ku Great Barrier Reef ku Australia mu 2016 na 2017. Ngati nyanja yeniyeni inakangiwa, nanga kathanki kanu?

Kumbukirani 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba. M'madera ambiri malaiti anali kuyenda mpaka maola 21 pa tsiku. Furiji ikazima, mumataya nyama ya sabata, mudandaula, mwaiwala. Thanki ikazima, mpweya m'madzi umayamba kutha pa maola ocepa cabe. Nsomba zimabwera pamwamba kukamwa yasa, ndipo kukaca mupeza ndalama zanu zonse zili cagada. Ndiye ngati mwalimba mtima, coyamba kugula si galasi. Ni sola, invata na mabatire okwanira kuyendetsa mapampu usiku wonse.

Ganiziraninso ulendo. Zambia ilibe nyanja ya mcere. Nsomba zotere zimabwera pa ndeke, kufikira pa Kenneth Kaunda International Airport. Kucoka Lusaka kufika Chipata pa Great East Road ni makilomita pafupifupi 570, ndipo kucoka Chipata kufika Lundazi ena pafupifupi 180. Zonsezo kansomba kali mu pulasitiki, mpweya ukucepa. Mapepala nawo alipo: nsomba zamoyo sizilowa m'dziko popanda cilolezo ca Dipatimenti ya Fisheries, ndipo ma coral olimba ali pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loteteza zamoyo pa malonda. Wogulitsa akakuuzani ati "mapepala musade nkhawa, boss", pamenepo ndiye pofunika kuda nkhawa.

Ndipo olo zonse zikhalepo, thanki yatsopano imakhala yopanda nsomba masabata 4 mpaka 6. Zonyansa za nsomba zimatulutsa ammonia, imene ni poizoni. Pafunika nthawi kuti tizilombo tothandiza timere m'miyala na mu fyuluta, tiziisintha kukhala nitrite, kenako nitrate imene siopsa kwambiri. Mumapima madzi na tumabotolo topimira, ndipo akakhala bwino mumaika nsomba ziwiri ziwiri. Ambiri amagwera apa. Afuna alendo a pa Khrisimasi aone, ndiye athira nsomba 20 tsiku limodzi.

Manje mverani cimene ninamuuza mulamu. Ninati: mukuyang'ana kutali, koma cimene mufuna cili kuseri kwa nyumba. Mukaoloka malire kulowa Mzimba na kutsikira ku Nkhata Bay, mwafika pa nyanja ya Malawi, imene ili na mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mcere. M'miyala yake mumakhala tunsomba tochedwa mbuna: twa buluu, twa yelo, twa mizeremizere. Anthu a ku Ulaya na ku America amalipira ndalama kuti atuike m'manyumba mwao, ndipo ni cifukwa ca nsomba zotere Lake Malawi National Park inalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1984. Kwathu kuno, ku Mpulungu pa Tanganyika, kulinso abale ake okongola.

Mbuna sizifuna mcere, sizifuna magetsi a coral, ndipo zimakonda madzi olimba, monga a ma borehole ambiri, koma yambani mwapima. Muunjike miyala yokhala na mapanga ambiri, cifukwa ni tunsomba twa ndeo, kalikonse kafuna nyumba yake. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu, osadya kwenikweni, mpaka ana atuluke. Ana anu akaona zimenezo, foni azaiika pansi. Fyuluta, hita ya nyengo yozizira na kudikira kwa masabata aja zifunikabe, koma malaiti akayenda, kapampu ka mpweya ka mabatire kangazipulumutse.

Mugule kwa oweta odziwika, osati kuolotsa mu cigubu mobisa. Ndipo mukalema nazo, mupatse wina. Osakazitaya mu damu ya pa Castle Hotel kapena mu mtsinje wa Lundazi. Nsomba yacilendo ingabwere na matenda kwa nsomba zimene anthu amadya.

Mulamu anakhumudwako. "Muniyesa nilibe ndalama?" Ninati ndalama muli nazo, cimene tikupima ni kuleza mtima. Tinagwirizana tere: asunge mbuna caka cathunthu, zipite mu mphepo ya July, mu dzuwa la October na mu mdima wa load shedding. Zikakhala zamoyo, tizakamba za mcere. Na inu pangano ni lomwelo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tionana sabata ya mawa.