Mwana Akasowa, Kudekha Ndi Mlandu

Pali chizolowezi china pakati pathu chimene tiyenera kuchitchula poyera ndi kuchitsutsa. Mwana akasowa pakhomo, timayamba ndi kudzitonthoza: mwina wapita kwa azakhali ake, mwina wagona kwa anzake. Dzuwa likalowa timati tione mawa. Mawa likafika ena amathamangira kwa sing'anga kukaombeza, ena amati nkhaniyi ithere m'banja kuopa manyazi. Kupolisi timakafika tsiku lachitatu, mapazi a mwana atafafanizika kale. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mwambi umenewu sadaunenere mwana wosowa.

Taganizani bwino. Kuchokera ku Lilongwe, galimoto imafika pachipata cha Dedza kapena cha Mchinji maola awiri asanathe. Ana ambiri amene amatengedwa kukaweta ng'ombe, kukagwira ntchito m'minda ya fodya kapena m'nyumba za anthu, sagwidwa mokakamiza. Amanyengedwa ndi lonjezo la ntchito, la sukulu kapena la foni, ndipo kawirikawiri wonyengayo ndi munthu amene banja limamudziwa. Usiku umodzi umene ife timati tiyambe tadikira ndi wokwanira kuti mwana adzuke ali m'dziko lina.

Chodandaulitsa n'chakuti thandizo lilipo, koma ambiri sitilidziwa. M'mapolisi a dziko lino muli nthambi ya Victim Support Unit, imene ntchito yake ndi kulandira madandaulo okhudza ana ndi anthu ozunzidwa, mogwirizana ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. M'midzi ndi m'matauni muli makomiti a chitetezo cha m'madera. Pali nambala ya 997 ya apolisi, ndi nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Mwana akaganiziridwa kuti wadutsa malire, apolisi athu angathe kudziwitsa anzawo a maiko ena kudzera ku Interpol. Malamulonso alipo: lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010, lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2015 limene limalola khoti kupereka zaka 21 za ukaidi kwa wozembetsa mwana, ndiponso kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa 2017 kumene kudakhazikitsa kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Choncho mtsikana wa zaka 16 amene wapita ndi bambo wachikulire sadakwatiwe ayi. Wasowa, ndipo ayenera kufunidwa.

Tikudziwa chimene ena ayankhe. Ati kupolisi n'kutaya nthawi, ukapita amakuuza kuti galimoto ilibe mafuta, kapena kuti ubwerenso mawa. Enanso atikumbutsa za MacDonald Masambuka, mnyamata wa khungu lachialubino wa ku Machinga amene adasowa mu Malichi 2018 napezeka ataphedwa. Mwa anthu 12 amene khoti lalikulu lidawapeza olakwa mu 2022 mudali m'bale wake, wapolisi, ndiponso wansembe wa Mpingo wathu womwe uno. Zimenezi sitingazibise ndipo sitifuna kuzibisa. Koma phunziro lake si lakuti tileke kukanena. Phunziro lake n'lakuti unifolomu, mkanjo kapena ubale sizitsimikizira kuti munthu ndi wosalakwa, ndipo nkhani yosungidwa m'banja imateteza wolakwa amene ali m'banja momwemo. Komanso tisaiwale kuti anthu 12 aja adafika kukhoti chifukwa nkhani idanenedwa, idafufuzidwa, ndipo anthu sadatope kufunsa.

Kwa inu apolisi athu tikuti: mayi amene wafika pakauntala akulira asabwezedwe ndi mawu akuti adikire kaye. Dandaulo lake lilembedwe nthawi yomweyo, uthenga utumizidwe kumalodibuloko ndi kuzipata, ndipo banja liuzidwe dzina la wapolisi amene akutsata nkhaniyo. Mafuta a galimoto ndi udindo wa boma, si wa mayi wogulitsa tomato. Ndipo inu aphungu amene mumavomereza ndondomeko ya chuma, dziwani kuti polisi yopanda galimoto yoyenda ndi chikwangwani chabe.

Nafenso tili ndi gawo lathu. Mwana akasowa, tikanene kupolisi ola lomwelo, titatenga chithunzi chake chatsopano. Tifotokoze zovala zimene adavala, zipsera kapena zizindikiro za pathupi pake, malo amene adaonekera komaliza ndi munthu amene adali naye, ngakhale atakhala malume ake. Tidziwitse amfumu, aphunzitsi, atsogoleri a mphakati, oyendetsa kabaza ndi makondakitala pasiteji. Inu achinyamata muli ndi mafoni: falitsani chithunzicho, koma musafalitse mphekesera kapena kuloza munthu chala popanda umboni. Kutentha nyumba ya woganiziridwa sikubweza mwana. Kumangowononga umboni, ndipo nthawi zina kumapha munthu yekhayo amene akadanena kumene mwana ali.

Mwana akapezeka, asalandiridwe ndi chikoti. Amene adathawa yekha adathawa chinachake: njala, nkhanza za pakhomo, ukwati wokakamizidwa. Tikapanda kufunsa chifukwa chake, adzathawanso, ndipo ulendo wachiwiriwo mwina sadzabwerera. Apite naye kuchipatala, amvedwe modekha, ndipo a chisamaliro cha anthu aone ngati nyumba imene akubwererayo ili yotetezeka.

Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sabata ino tiyese mawuwo ndi ntchito. Pamsonkhano wa mphakati, aliyense alembe 997 ndi 116 m'foni mwake, ana aphunzitsidwe manambalawa pamtima, ndipo tisankhe anthu awiri amene adzaperekeze kupolisi banja lililonse limene mwana wake wasowa, kaya ndi masana kaya ndi usiku.