Kodi Kalulu Wolankhula Ndiye Bodza?

Mau athu a mwezi uno achokera ku Matawale, kunsi kwa phiri la Zomba. Tsiku lina madzulo, pochokera ku mapemphero a pakati pa sabata, tinapeza kamtsikana ka zaka 5 kalikulira pakhonde. Mkuru wache anabwera ndi kabuku kobwereka, ka zithunzithunzi zamawangamawanga, mmene munali Kalulu wobvala chipewa alikukambirana ndi Njobvu. Agogo ache aamuna, munthu wolemekezeka pakati pathu, analanda kabukuko nati, "Munamuona kuti kalulu wobvala chipewa? Musadyetse mwana bodza. Akafuna buku, alindire la kusukulu." Ife sitinayankhe pomwepo, pakuti si mwambo kutsutsa mkuru pamaso pa adzukulu ache. Koma mau amenewo tawamva m'makomo ambiri, chifukwa chache tiyankha pano poyera.

Mlandu wathu ndi uwu: nthano si bodza, ndipo kamwana komanidwa mabuku a zithunzithunzi ndi a zodabwitsa kalandidwa chuma chache. Iwo akuletsa mabuku otere achita ndi mtima wabwino, koma alakwa ndithu.

Tiyambe ndi kufunsa, bodza nchiani? Bodza ndilo mau onenedwa kuti wakumva anyengedwe. Munthu wogulitsa chimanga chofumbwa mumsika wa Zomba, nanena kuti nchatsopano, ameneyo wanama. Koma pamene agogo ati "Padangotero," ana nabvomera "Tiri tonse," palibe wonyengedwa ngakhale mmodzi. Onse adziwa kuti alowa m'bwalo la nthano, mmene nyama zilankhula ndi mitengo iyenda. M'mawa mwache mwana yemweyo akaona kalulu m'munda samlonjera iai, koma aitana agalu. Ana adziwa kusiyanitsa zenizeni ndi zopeka koposa umo tiganizira ife akuru.

Ndipo inu amene muopa kuti nthano itsutsana ndi chikhulupiriro, tsegulani buku la Oweruza, mutu 9. Pamenepo Yotamu asimba za mitengo imene inafuna kudzilongera mfumu. Mtengo wa azitona unakana, mkuyu unakana, mpesa unakana, ndipo ufumu unagwera chitsamba cha minga. Kodi mitengo ichita msonkhano? Nanga Yotamu tidzamuyesa wonama? Mneneri Natani anagwira mtima wa mfumu Davide ndi nkhani yopeka ya kamwana ka nkhosa ka munthu wosauka. John Bunyan, amene anakhala zaka zambiri m'ndende ku Bedford, anaturutsa buku lache la ulendo wa Mkristu m'chaka cha 1678, lodzala ndi zimphona ndi zirombo, ndipo iye mwini analicha loto. Koma sitinamvepo mkuru wa mpingo alikulitaya kudzala. Tsono chimene tibvomereza kwa akuru tichikaniziranji tiana?

Taonani nchito ya nthano. Tonse tikumbukira ya chitsime chimene nyama zinakumba m'chaka cha chilala. Kalulu anakana kukumba nao, koma usiku anali kudza kudzatunga, nanyenga alonda amphamvu ndi uchi, kufikira Kamba, wonyozeka uja, anamgwira. Uzani mwana wa zaka 4 kuti ulesi ndi chinyengo nzoipa, adzangokuyang'anani. Koma msimbireni za chitsimecho, mumsonyeze chithunzithunzi cha Kamba atagwira mwendo wa Kalulu, ndipo adzazisunga kufikira imvi. Adzaphunziranso chinthu china chimene sitinamuuze, ndicho chakuti wamng'ono ndi wochedwa akhoza kuchita chimene chinalaka Mkango.

Ife a ku Zomba tiri nao umboni wina pamwamba pa mitu yathu. M'mwezi wa December 1946 mvula yaikuru inagwa pa phiri lino, nthaka inagumuka, madzi ndi miyala zinatsika ndi mitsinje, zinakokolola milatho ndi nyumba, anthu nafa. Makolo anati, Napolo wadutsa, ndiye chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamukira kunyanja chidzilambulira njira yache. Zotere zinaonekanso ku Phalombe m'chaka cha 1991, ndi m'maboma ambiri a kum'mwera pa namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023. Kamwana sikakhoza kumva umo nthaka ya pamtsetse imwera madzi kufikira kulemera ndi kutsetsereka, makamaka pamene mitengo yoigwira ndi mizu yadulidwa. Zimenezo kadzaziphunzira kusukulu pa nthawi yache. Koma nkhani ya Napolo ikaphunzitsa msanga kuopa khwawa pa nyengo ya dzinja, ndi kudziwa kuti madzi saiwala njira yao. Steve Chimombo, mwana wa ku Zomba konkuno, amene anabadwa m'chaka cha 1945 namwalira m'chaka cha 2015, anaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College, ndipo sanachite manyazi ndi Napolo. Anaturutsa buku la ndakatulo lochedwa ndi dzina lomwelo m'chaka cha 1987. Ngati munthu wophunzira chotero anaona nzeru m'nthano za kwao, ife tiziyeseranji zachabe?

Alipo ena amene sanena za bodza, koma ati, "Mabuku awa sathandiza pa mayeso, angotayitsa mwana nthawi." Abale, apa ndipo pali kulakwa kwakukuru. Chiyambire 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, ana achuruka m'makalasi, ndipo mphunzitsi mmodzi sangathe kukhala pansi ndi mwana aliyense payekha. Mwana amene sanagwirepo buku kufikira tsiku lolowa Sitandade 1 akomana ndi malemba monga alendo aukali, odza ndi chibalo. Koma iye amene anakhala pamiyendo ya amache, nayang'ana zithunzithunzi, wadziwa kale zambiri: kuti buku ligwiridwa chotere, kuti tsamba litembenuzidwa limodzi limodzi, kuti mzere uyambira kumanzere kunka kumanja, ndi kuti timadontho takuda tija tisunga mau amene amai alikunena. Koposa zonse wadziwa kuti m'buku muli zokoma. Ameneyo afuna kuwerenga yekha kuti adziwe chimene chinamgwera Fisi pa tsamba lotsatira, ndipo mwana wofuna yekha sasowa mkwapulo.

Nzeru imeneyi si ya lero. Mphunzitsi Comenius, amene analinso bishopo wa mpingo wa Abale a ku Moravia, anasindikiza buku la zithunzithunzi la ana m'chaka cha 1658, poona kuti diso litsogolera lilime. Ndipo kwathu kuno tiri naye William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anali kupita ku kanyumba ka mabuku ka kwao, napeza buku lokhala ndi chithunzithunzi cha makina ozungulira ndi mphepo. Chingerezi chache chinali chochepa, koma anatsata zojambulazo, namanga makina opatsa magetsi ndi zitsulo zotola ndi zipangizo za njinga, ali ndi zaka 14. Anthu ena anamuyesa wamisala. Koma munthu sangamange chinthu chimene sanayambe wachiona m'mtima mwache, ndipo mphamvu yoona chinthu chisanakhalepo ndiyo yomwe nthano ilimbitsa mwa mwana. Mbiri yache inaikidwa m'buku la zithunzithunzi la tiana m'chaka cha 2012, ndipo ana a m'maiko akutali aliwerenga. Kodi ana a ku Matawale aliona?

Apa pali chinthu chotichititsa manyazi. Mai wina wachizungu, Geraldine Elliot, anasonkhanitsa nthano za Angoni a m'dziko lino, nazisindikiza ndi zithunzithunzi m'chaka cha 1939 m'buku lochedwa The Long Grass Whispers, ndipo ana a ku England anakondwera naye Kalulu wathu. Akapolo otengedwa ku Africa kunka ku America anapita nazo nthano za kalulu wochenjera, ndipo zinasindikizidwa kumeneko m'chaka cha 1880. Beatrix Potter anajambula kalulu wache Peter atabvala jekete m'chaka cha 1902, ndipo sitinamve kuti ana a Angerezi anasanduka abodza chifukwa cha iye. Karen Lynn Williams, amene anakhala m'Malawi, analemba buku la Galimoto m'chaka cha 1990, losimba za mnyamata Kondi wofunafuna mawaya kuti apange galimoto lache, monga achitira anyamata athu m'njira za Matawale tsiku ndi tsiku. Alendo atola chimene eni ache tataya. Kale nthano inali ndi malo ache pamoto madzulo, zokolola zitalowa m'nkhokwe. Lero madzulo a ana athu atengedwa ndi lamya za m'manja ndi tinyumba toonetsa kanema, mmene aonera ndeu ndi kuombana mfuti m'zinenero zimene sazimva. Chodabwitsa nchakuti nyumba zina zoletsa Kalulu wobvala chipewa sizifunsa konse chimene mwana waona kumeneko.

Sitinena kuti buku liri lonse lokhala ndi zithunzithunzi nlabwino iai. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Zilipo nthano zina za makolo zimene siziyenera tiana, monga zotukwana, ndi zoopsa za afiti zimene zichititsa mwana kuopa nkhalamba ya m'mudzi mwao; ndipo tidziwa zoipa zimene zagwera okalamba osalakwa chifukwa cha mantha otere. Alipo mabuku ena ochokera kunja amene aphunzitsa mwana kuti chokongola chiri chonse chikhala kutsidya la nyanja. Chifukwa chache kholo liyambe laliwerenga lokha buku lisanapatse mwana, ndipo lifunse zinthu izi. Kodi mwana adzamva mau ache, kapena alipo womtembenuzira? Kodi zithunzithunzi nzazikuru ndi zomveka, kuti wosadziwa kuwerenga atsate nkhani ndi maso? Kodi choopsa cha m'nkhaniyo chigonjetsedwa potsiriza, kuti mwana akagone ndi mtima wokhazikika? Kodi wofooka achitiridwa chifundo, kapena angosekedwa? Buku lopambana pa mafunso awa mlandireni, ngakhale ng'ona ya m'menemo iyimbe nyimbo.

Mukafunsa kuti tiyambe ndi ati, tinena amene tiwadziwa. Chimombo yemwe uja analembera ana mabuku, monga Operation Kalulu ndi Child of Clay, losimba za mwana woumbidwa ndi dothi. Ali m'Chingerezi, koma mkuru wa mwanayo akhoza kuwerenga natembenuzira mng'ono wache, ndipo onse awiri apindula. Buku la J. W. Gwengwe la Sikusinja ndi Gwenembe, mmene mbalame iulula mlandu wa mbale wopha mbale wache, liyenera ana osinkhukirapo, ndipo likoma powerengedwa mokweza pang'ono pang'ono madzulo. A National Library Service anasindikiza timabuku ta ana tochedwa Werengani. Kafunseni kunyumba yao ya mabuku. Ndipo amene ali ndi lamya ya intaneti akhoza kupeza nkhani za zithunzithunzi za m'Chichewa kwa a African Storybook, popanda kulipira nkhanizo. Lamya yomweyo imene itibera ana ikhoza kutibwezera nthano, ikakhala m'manja mwa kholo.

Tidziwa kuti ambiri adzati, "Ndalama ya ufa itisowa, nanga ya buku tidzaitenga kuti?" Mau amenewa ngoona, ndipo sitiwapeputsa. Koma mutu umodzi susenza denga. Buku limodzi likhoza kuyenda m'nyumba 20 likasungidwa bwino. Amai a m'mudzi umodzi atasonkha pang'ono pang'ono monga achitira pa maliro ndi pa ukwati, nagula bokosi ndi mabuku 10, nasankha mmodzi wolemba maina a obwereka, ana onse a m'mudzimo adzakhala ndi nkhokwe yao. Ndipo ngati sitingathe kugula, tingathe kupanga. Agogo asimbe nthano. Mtsikana wa Sitandade 8 ailembe ndi malemba akuru, mau owerengeka pa tsamba liri lonse. Mnyamata wodziwa kujambula, amene tizolowera kumkalipira chifukwa chodetsa zipupa ndi makala, apatsidwe pepala. Amai asoke masambawo ndi singano ndi ulusi. Potero nthano ya agogo idzakhala ndi moyo iwo atapita. Tifulumire, pakuti nkhalamba zodziwa nthano ndi nyimbo zache zirikutha chaka ndi chaka, ndipo chimene sichinalembedwe chikwiriridwa nao pamodzi.

Kwa mkuru uja wa pakhonde tinena ndi ulemu wonse: Bambo, inunso munakhala pamoto muli mwana, munabvomera nyimbo za nthano, ndipo simunakule wabodza, koma munthu woona amene tonse timkhulupirira. Bwezerani mdzukulu wanu kabuku kache. Koposa apo, mkhazikeni pamiyendo panu, mumuwerengere ndi mau anu, ndipo pamene wolemba buku waphonya mumkonze, pakuti Kalulu mumdziwa inu koposa iye. M'mera mpoyamba, abale. Mwana amene tifuna kuti adzakonde kuwerenga ali wamkuru, timkondweretse ndi buku akali wamng'ono.