Chifukwa Chake Njuga Imakola Mlimi Akagulitsa Mbewu

Alimi anzathu, nyengo ya msika ikafika ambiri a inu mumalandira ndalama za chaka chonse pa tsiku limodzi. Inu matenanti mumalandira zotsala, mwini esiteti atachotsa ngongole ya chakudya. Nthawi yomweyo otchova njuga amachuluka m'misika, ndipo masiku ano njuga ina yalowa m'foni mwanu momwe.

Musaganize kuti amadyedwa ndi opusa okha. Njuga ili ndi mbedza zitatu zokola munthu aliyense.

Yoyamba ndi mphotho yobwera mosadziwika nthawi. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wa ku America, B. F. Skinner, anaphunzitsa nkhunda kujompha kabatani kuti zipeze chakudya. Chakudya chikamatuluka mwa apo ndi apo, nkhundazo zinkajompha osalekeza. Munthunso akadya kamodzi, amabwererako kakhumi.

Yachiwiri ndi kuganiza kuti mwayi uli ndi ngongole kwa inu. M'chaka cha 1913 ku Monte Carlo, kampira ka pa gudumu la njuga kanagwera pakuda maulendo 26 otsatizana. Anthu anataya chuma chambiri pobetcha pofiira, poyesa kuti nthawi yake yakwana. Koma gudumu silikumbukira. Makadinso sadziwa kuti mwadyedwa kasanu.

Yachitatu ndiyo yoopsa koposa. M'chaka cha 1979 akatswiri awiri, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anasonyeza kuti kutaya ndalama kumapweteka mtima kuposa mmene kupeza ndalama yomweyo kumakondweretsera. Ndiye chifukwa chake wodyedwa ndalama ya belo limodzi amabetcha ya belo lachiwiri kuti abweze yoyambayo. Apa sakusewera ayi, akuthawa ululu.

Tsono popeza mbedzazi zimagwira ndalama ikakhala m'thumba, igawireni ntchito isanafike. Khalani pansi ndi mayi akunyumba, mulembe za feteleza, mbewu, fizi ya ana ndi ngongole. Tsiku lolandira musapite nokha, ndipo gulani feteleza musanakhale pa mowa. Ngati mwayamba kubisa ndalama zimene mwadyedwa, uzani mbale wanu kapena tcheyamani wa kalabu yanu msanga, ngongole isanakule.

Munafesa nazale, munapalira, munagona m'chigafa. Thukuta la chaka chonse lisathere pa mkeka wa makadi madzulo amodzi. Paja akuluakulu anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.