Aircon ndi petulo: cifukwa cake galimoto yaing'ono sifika pa makilomita olembedwa pa pepala

Kucokera pamene boma linacotsa thandizo la pa mitengo ya mafuta mu December 2021, ndipo bungwe la Energy Regulation Board linayamba kulengeza mitengo mwezi ndi mwezi mu 2022, oyendetsa magalimoto m'dziko muno akhala akuwerengera lita iliyonse. Ambiri anathamangira magalimoto aang'ono ocokera ku Japan monga Toyota Vitz, Honda Fit ndi Nissan March, atamva kuti amayenda makilomita oposa 20 pa lita imodzi. Koma dzuwa la October likafika, dandaulo limakhala limodzi: thanki ikutha msanga. Ena amaloza cala omwetsa mafuta, ena makanika. Nthawi zambiri wolakwa amakhala m'galimoto momwemo, ndiye makina oziziritsa mpweya amene anthu amangowachula kuti aircon.

Coyamba ndi kudziwa kumene nambala ya pa pepala ija imacokera. Ku Japan galimoto imayesedwa m'nyumba, matayala akuzungulira pa makina, popanda fumbi, phiri kapena katundu. Magalimoto akale anayesedwa ndi njira yochedwa 10-15 mode, imene liwiro lake silipitirira makilomita 70 pa ola. Pambuyo pake panabwera JC08, ndipo kuyambira mu 2018 magalimoto atsopano amayesedwa ndi WLTC. M'njira zonsezi aircon imakhala yozima. Conco nambalayo si bodza ayi, koma ndi ya galimoto yoyenda m'dziko lopanda dzuwa. Bodza leni-leni linaoneka mu 2016, pamene kampani ya Mitsubishi Motors inavomera kuti inasintha zotsatira za mayeso a mafuta pa magalimoto ake aang'ono okwana 625,000.

Dziko la America ndilo linayesa kukonza vuto limeneli. Kuyambira pa magalimoto a 2008, nambala za bungwe la EPA zimaphatikiza mayeso ocitika aircon ili yoyaka pa kutentha kwa madigiri 35. Boma la dzikolo limauza oyendetsa kuti kukatentha kwambiri, aircon ingacepetse makilomita a pa lita ndi maperesenti oposa 25, maka-maka pa maulendo aafupi.

Cifukwa cake n'cosavuta. Mtima wa aircon ndi kompulesa, ndipo m'galimoto wamba kompulesa imazunguliridwa ndi lamba wocokera ku injini. Mphamvu imene imafunika kuziziritsa anthu anayi sisiyana kwenikweni, kaya akhale mu Vitz kapena mu Land Cruiser. Injini yaikulu simva kanthu. Koma injini ya Vitz ya masilinda atatu, ya 996 cc, ili ndi mphamvu ya akavalo pafupi-fupi 70 cabe, tsono katundu yemweyo amailemera. Onjezerani kuti Lusaka ali pamalo okwera mamita oposa 1,200, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo injini yopanda turbo imataya gawo lina la mphamvu zake. N'cifukwa cake woyendetsa amamva galimoto ikufooka akangoyatsa aircon, ndipo phazi limaponda lokha.

Mfundo imene ambiri saiganizira ndi yakuti kompulesa imadya mafuta molingana ndi nthawi, osati mtunda. Ola limodzi loima-ima pa Lumumba Road kapena pa Kafue Road madzulo, galimoto itayenda makilomita khumi okha, limatengera aircon mafuta ofanana ndi ola la ulendo wautali pa Great East Road. Pa ulendo wautali mafutawo amagawika pa makilomita ambiri ndipo sadziwika. M'tauni ndiye amaluma.

Tiyeni tiwerengere mwa citsanzo cabe. Woyendetsa takisi amene galimoto yake imapereka makilomita 15 pa lita, ndipo amayenda makilomita 100 pa tsiku, amagwiritsa nchito malita osakwana 7. Aircon ikatsitsa nambalayo kufika pa 12, afunika malita oposa 8. Pa masiku 26 a nchito, kusiyana kwake ndi malita pafupi-fupi 43, kutanthauza thanki yathunthu ya Vitz, imene imalowa malita 42. Apa m'pamene pamacokera mkangano wa masiku onse pakati pa wokwera amene afuna kuzizira ndi woyendetsa amene adziwa kuti mtengo wa ulendo suwonjezeka. Onse awiri ali ndi mfundo, koma amene amalipira pa pampu ndi mmodzi.

Nanga mawu ofala akuti pa msewu waukulu kutsegula mazenera kumadya mafuta kuposa aircon? Zoona zake zilimo, koma si zonse. Mu 2013 akatswiri a ku Oak Ridge National Laboratory ku America anayesa Toyota Corolla ya 2009. Anapeza kuti pa liwiro la makilomita 64 mpaka 113 pa ola, aircon yoyatsidwa mpaka pothera inadya mafuta ambiri kuposa mazenera otsegula, ndipo ziwirizi zinafanana pa makilomita 121 pa ola. Limenelo si liwiro lokwerera nalo mapiri a Manenekela. Komabe mayesowo anali a aircon yogwira nchito mosapumula. Mkati mukazizira, kompulesa imapumira ndipo kusiyana kumacepa.

Sitikunena kuti aircon izimitsidwe kotheratu. Amene anadutsapo pa mlatho wa Luangwa kapena ku Chirundu mu October adziwa kuti kutentha kumabweretsa tulo ndi kutopa, ndipo lita imodzi siingafanane ndi ngozi. M'nyengo ya mvula, aircon ndiyo imacotsa nthunzi pa galasi lakutsogolo. Cimene cimathandiza ndi kuicepetsera nchito: kuimika galimoto pa mthunzi, kuyamba ulendo mazenera ali otsegula kuti mpweya wotentha utuluke, kenako kukanikiza batani lozungulitsa mpweya wa mkati kuti makina asamaziziritse mpweya wakunja nthawi zonse. Fumbi la m'misewu yathu limatseka sefa ya mpweya ndi kondensa ya kutsogolo kwa radiyeta, ndipo gasi wa R134a akacepa, makina amalimbana nthawi yaitali osaziziritsa.

Magalimoto a hybrid monga Toyota Aqua, imene inatuluka mu 2011 ndi nambala ya makilomita 35.4 pa lita pa mayeso a JC08, ali ndi kompulesa ya magetsi yodya ku batire. Imaziziritsa ngakhale injini itazima pa maloboti, koma batire ikatsika injini imadzuka kuti ilidzaze, ndipo popeza galimotoyi imadya mafuta ocepa, gawo la aircon limaoneka lalikulu koposa. Wogula Aqua akuyembekezera 35 pa lita mu Cairo Road masana a October adzakhumudwa monga mnzake wa Vitz.

Njira yodziwira zoona za galimoto yanu ndi kudzaza thanki, kulemba makilomita, kudzazanso pa pampu yomweyo ndi kugawa mtunda ndi malita. Citani zimenezi kamodzi mu June ndi kamodzi mu October.