Kuvota pa positi: kodi kungatithandize ife a ku Marávia?

Ife a kumalire ndife anthu oyenda. Wina ali ku Petauke ndi malonda, wina akugwira ganyu ku Lusaka, wina akupha nsomba ku nyanja ya Cahora Bassa. Ndiye cisankho cikayandikira, pamisonkhano ya m'midzi pamabuka funso lakuti: bwanji osangotitumizira pepala lovotera m'kalata, monga amacitira kumaiko ena? Funsoli ndi lanzeru, tiyeni tiliunike bwino.

Kumene amavota pa positi amacita bwanji?

Titenge mzinda wa Portland, m'cigawo ca Oregon ku America. Mu 1998 anthu a ku Oregon anagwirizana kuti zisankho zawo zizicitika pa positi, ndipo meya wa Portland ndi makhansala ake amasankhidwa motero. Kukatsala masabata awiri kapena atatu, ofesi ya zisankho imatumiza pepala lovotera kunyumba ya aliyense amene analembetsa. Munthu amacongera kunyumba kwake, n'kuliika mu envulopu, n'kusaina kunja kwake. Kenako amaibweza pa positi, kapena kuiponya m'bokosi lokhoma loikidwa ndi ofesiyo. Asanatsegule envulopu, ogwira nchito amayamba afanizira saini imeneyo ndi ija munthuyo anasaina polembetsa.

Onani kuti njira imeneyi yatsamira pa zinthu zitatu: nyumba yokhala ndi keyala, positi yofika pakhomo nthawi yake, ndi munthu wodziwa kusaina dzina lake.

Nanga kuno kwathu?

M'Mozambique lamulo sililola kuvota pa positi. Pa 11 Okutobala 2023 mizinda ndi matauni 65 anasankha atsogoleri awo. M'cigawo cathu ca Tete kunali Tete, Moatize, Ulónguè, Nhamayabué ndi Chitima, ndipo konseko wovota anapita yekha ku meza. Fíngoè sinali m'gulu limeneli. Ife tinavota pa 9 Okutobala 2024, posankha Pulezidenti, aphungu a Nyumba ya Malamulo, ndi nyumba ya cigawo kumene kumacokera bwanamkubwa. Ngakhale abale athu okhala kunja, amene anayamba kuvota mu 2004 m'maiko monga Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi South Africa, nawonso amalembetsa komweko n'kukaima pamzere.

Maganizo anga ndi akuti njira ya positi siingatithandize pakali pano. Midzi yathu ilibe keyala. Kampani ya boma ya Correios de Moçambique inathetsedwa mu 2021. Agogo athu ambiri sasaina, amadinda cala. Kalata yocokera ku Tete ingadutse m'manja angati isanafike ku Chiputo kapena ku Malowera nthawi ya dzinja? Ndipo pobwerera, ndani angatitsimikizire kuti yafika yosatsegulidwa? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo.

Koma nkhani yaikulu ndi ya cinsinsi. Pepala likafika pakhomo, ndani adzaconge? Mayi angakane bwanji pamene bambo aima pambali? Mnyamata wa ganyu angakane bwanji abwana ake? Nanga amene analandira citenje kapena thumba la feteleza, mwini mphatsoyo atabwera kudzaona pamene waconga? M'kacipinda kovotera mumalowa nokha. Mfumu, m'busa, mwamuna wanu kapena wa cipani alibe maso mmenemo. Pa tsiku limenelo wosauka ndi wolemera ali ndi mphamvu imodzi, ndipo mphamvuyo imatetezedwa ndi kacipinda kaja.

Cinanso, mavoti athu amawerengedwa pa meza pomwepo usiku womwewo, nthumwi za zipani ndi oyang'anira cisankho akuona. Zotsatira zimalembedwa pa pepala lochedwa edital, n'kumatidwa pamalo ovoterawo kuti aliyense awerenge. Tonse tikudziwa mikangano imene inatsatira zisankho za 2023 ndi 2024. Ngati kukhulupirirana kukuvuta pamene bokosi tikuliona ndi maso, kuli bwanji mavoti oyenda m'thumba la munthu?

Sitikukana kuti mtunda ndi vuto. Nkhalamba, amayi oyembekezera ndi olumala amavutika kufika ku sukulu kumene kuli meza, ndipo ena amangokhala. Koma mankhwala ake ndi kubweretsa meza pafupi ndi anthu. Pamene mwalembetsera ndi pamene mudzavotere. Conco kalembera asanayambe, mafumu ndi makomiti a m'midzi apite ku ofesi ya STAE ku Fíngoè kukachula midzi yakutali imene ikufunika olembetsa akafikeko. Cala cimodzi siciswa nsabwe: pitani pamodzi, pempho lanu lilembedwe.

Kumbukirani izi:

Palibe amene angakuvotereni inu kulibe. Wonena kuti "ndipatseni khadi lanu, ndikakuvoterani" akukunamizani. Musapereke khadi kapena nambala yake kwa munthu wotolera m'mudzi.

Ngati simuona kapena muli ndi cilema, lamulo likulolani kusankha nokha munthu womukhulupirira kuti akuthandizeni.

Ngati muli ku Zambia pa ulendo ndipo munalembetsa kuno, konzani kubwerera nthawi ilipo. Meza imatsegulidwa 7 koloko m'mawa ndi kutsekedwa 6 koloko madzulo.

Voti yanu ndi cinsinsi canu. Kaiponyeni ndi dzanja lanu.