Kandege kosadziwa kunena odi

Mwa mawu onse amene mwana wa Mchewa amaphunzira akangofika msinkhu wotumidwa, palibe aafupi koma olemera ngati akuti "odi". Mwana akatumidwa kukapala moto kwa azakhali ake amalangizidwa kuti akaime kumapeto kwa bwalo, akaombe m'manja, akanene odi, ndipo asasunthe phazi kufikira atamva kuti "lowani". Akapanda kuyankhidwa abwerere, ngakhale chitseko chili chotsekula. Mwamuna woyandikira padooko pamene amayi amasamba amafuula odi akadali patali, nadikira kuti amuuze kuti adutse. Palibe mfumu imene inalemba lamulo limeneli papepala, koma m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi munthu wolinyozera amatchedwa wopanda mwambo, ndipo manyazi ake amagwera amene anamulera.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene makolo sanachiganizire. Mipanda yonse imene anamanga inali yotchinga munthu woyenda pansi. Bafa la udzu kuseri kwa nyumba lili ndi mbali zinayi koma lilibe denga. Chimodzimodzi khola, nkhokwe yosavundikira m'chilimwe, ndi kampanda kamene gogo wodwala amaotheramo dzuwa atavula malaya. Kumwamba anakusiyira Chauta, mvula ndi kabawi, popeza mwa atatuwa palibe amene amanka nauza anthu zimene waona.

Wina anganene kuti dziko la mapiri ngati ili lakhala likuonedwa kuchokera pamwamba chikhalire. N'zoona. Mnyamata woweta mbuzi pachitunda cha ku Kongwe kapena m'mbali mwa phiri la Ntchisi amaona mudzi wonse uli pansi pake ngati mphasa yoyalidwa. Pajatu akuluakulu anati maso alibe uku n'kwa apongozi. Koma mnyamatayo ndi wodziwika, ndi mwana wa uje, mdzukulu wa auje. Akayamba kulongolola zimene waona, madzulo omwewo amalume ake amaitanidwa. Ndiponso diso lake silisunga chithunzi choti mawa akaonetse anthu a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa mbusa uja ndi tindege topanda munthu m'kati, timene achinyamata amatitcha ma drone.

Tindege timeneti sitinalowe m'Malawi ngati akuba. Tinabwera masana, ndi ntchito yabwino. M'mwezi wa Malichi 2016, boma pamodzi ndi bungwe la UNICEF anayesa ku Lilongwe kuona ngati kandege kangathe kunyamula timadontho ta magazi ouma a makanda kuchoka pachipatala chaching'ono kupita ku Kamuzu Central Hospital, ulendo wa makilomita 10, kuti akayezedwe ngati muli kachilombo ka HIV. Pa nthawiyo magazi otere ankatenga masiku pafupifupi 11 kuti afike koyezera, ndipo zotsatira zake zinkatha kuchedwa mpaka masabata 8. Kwa khanda lodwala, masabata 8 ndi moyo wonse. Mu Juni 2017 anatsekula dera loyeserapo tindegeti ku Kasungu, kutsidya kwa Bua, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege la kumeneko. Akatswiri a malungo anatigwiritsa ntchito komweko pofufuza zithaphwi zimene udzudzu umaswanamo. Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindegeti, ndipo ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene madzi osefukira amadula misewu, tinanyamulapo mankhwala ndi katemera. Aliyense amene anaonapo mayi wapakati akunyamulidwa pamachira m'zigwa za ku Nthondo mwezi wa Febuluwale, mlatho utakokoloka, sanganyoze chinthu chimene chimadumpha matope. Mlendo ameneyu anadzadi ndi kalumo kakuthwa.

Koma kalumo komweko kali m'manja mwa anthu ambiri tsopano. Kandege kojambula kamagulidwa m'sitolo ngati wailesi. Ojambula maukwati m'matauni amakaulutsa pamwamba pa mkwati ndi mkwatibwi, ndipo zimene zayamba mumzinda sizichedwa kufika pa Mponela ndi pa Malomo. Wowerenga aganizire ukwati wochitikira pakhomo loyandikana ndi lake. Eni ukwati anavomera kujambulidwa, analipira ndalama zawo. Nanga mayi wa nyumba yachitatu, amene pa ola lomwelo ali m'bafa lopanda denga lija, anamufunsa ndani? Sangathe kuona nkhope ya womuyang'ana, sadziwa dzina lake, sadziwa ngati kandegeko kakungodutsa kapena kaima pa iye. Chithunzicho chikangolowa pa WhatsApp ndiye kuti madzi atayika, ndipo saoleka.

Malamulo alipo ndithu, ndipo si bwino kunamizira boma kuti lagona. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wosalowereredwa pa za iye mwini, pakhomo pake ndi pa katundu wake. Mu 2024 kunabwera lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, la Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Oyang'anira zamaulendo a pandege nawo amafuna kuti woulutsa kandege akhale ndi chilolezo ndiponso asayandikire bwalo la ndege. Chimenechi anthu a kufupi ndi Lumbadzi, kumene kuli Kamuzu International Airport, ayenera kuchimvetsa bwino: mu Disembala 2018 mbiri yakuti ma drone aoneka pafupi ndi bwalo la Gatwick ku England inalepheretsa maulendo a ndege pafupifupi 1,000, masiku ochepa Khirisimasi isanafike.

Vuto n'lakuti malamulo onsewa anabadwira m'maofesi. La zandege limateteza ndege kuti isagundane ndi kandege. La uthenga limateteza munthu amene amadziwa kulemba kalata ya dandaulo ndi kumene angaitumize. Mayi wa m'bafa uja alibe nambala ya kandege, alibe mboni, alibe ndalama ya minibasi yopita ku Lilongwe, ndipo ngakhale akanakhala nazo, ndi mayi uti wa kumudzi amene angakaime pamaso pa mnyamata wa tayi nafotokoza kuti anamuona ali chotani? Iye bwalo lake ndi la anyakwawa, ndipo anyakwawa m'malamulo amenewa mulibe.

Palinso malo ena oposa bafa. Woyenda m'misewu ya ku Dowa amaona minda ya fodya ndi chimanga yopanda mtengo, kenaka kankhalango kowirira kali pakati pa chipululucho. Amenewo ndi manda, ndipo m'midzi yambiri dambwe limakhala kumeneko. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, koma chimene dziko linapatsidwa ndi gule wa pabwalo, wovinidwa poyera. Za kudambwe ndi za eni ake, monga momwe za kutsimba zilili za anamkungwi ndi anamwali awo. Munthu wosameta akasochera nalowa kumeneko amadziwa kuti wapalamula. Kodi tsono amene waima pamsewu, mtunda wautali ndithu, natumiza diso lake pamwamba pa mitengo ya kumandako, walowa kapena sanalowe? Phazi lake silinaponde malowo, ndipo pabwalo la milandu akhoza kuwina. Pabwalo la mfumu yankho n'lodziwikiratu. Sikofunika kuti munthu akhale wa gule kuti amvetse zimenezi. Mkhristu wa ku Mvera amene sanapondeko kudambwe sangakondwe kuona kandege katalendewera pamwamba pa manda pamene adzukulu akukumba a mayi ake.

Kunena chomwechi sikutanthauza kuti chinsinsi chilichonse n'choyera. Aphunzitsi akale a m'maboma awiriwa amakumbukira ana amene ankasowa m'kalasi mwezi wathunthu, akulu a mudzi nangoti chete. Otentha makala m'nkhalango ya Ntchisi nawonso angakonde kuti kumwamba kukhale kopanda maso. Nkhalango ya boma si bafa la munthu, ndipo alonda ake akaiyang'anira ndi kandege palibe amene walakwiridwa. Ngakhale apolisi ali ndi njira yawo yolowera pakhomo pa munthu: amatenga kalata ya khoti, imene ndi odi wa boma.

Chimene chikusoweka n'chaching'ono. Wopempha chilolezo choulutsa kandege pamwamba pa midzi azionetsa kuti mfumu ya deralo yauzidwa tsiku, cholinga ndi dzina la woulutsa, kuti nayo ilengeze kwa anthu ake monga imalengezera sikelo ya ana. Mfumu izitchula malo oti kandege kasaimepo: manda, dooko, tsimba. Kandege konyamula mankhwala kazidutsa kokha osasunga zithunzi za makomo a anthu, pakuti mtengatenga ntchito yake ndi kufikitsa katundu. Ndipo kuuza mfumu kusasanduke msonkho, chifukwa mafumu ena akangomva kuti pali chilolezo amayamba kuona nkhuku.

Amene akuyesa zimenezi ngati ulemu wongotayitsa nthawi akumbukire miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Mu 2020 mphekesera zomwezo zinamvekanso m'chigawo chapakati. Zinalibe umboni, koma zinagwera alendo amene anafika m'midzi ndi zipangizo zosadziwika popanda wowalandira. Amene anatsekula dera la ku Kasungu lija anayamba akhala pansi ndi mafumu, naonetsa anthu kandegeko katatera pansi kuti akaone ndi maso awo kasanauluke. Mnyamata wojambula maukwati, amene wagula kake dzana ndi ndalama za fodya wa bambo ake, palibe amene wamuuza kuti achite chimodzimodzi.