Walira mvula walira matope: za mbozi za pa milkweed

Ana anga okhala ku America, ndamva kuti ena mwa inu mwabzala milkweed kuseri kwa nyumba kuti mukope agulugufe a monarch, aja amauluka chaka ndi chaka kukabisala chisanu m'mapiri a Michoacán ku Mexico. Mwachita bwino. Koma mu August mukapeza masamba atadyedwa, patsala mitsempha yokhayokha, ndipo pachomerapo paunjikana mbozi zaubweya wakuda, woyera ndi wa mtundu wa lalanje, musathamangire kopopera mankhwala. Walira mvula walira matope. Munabzala chakudya, ndiye odya abwera.

Mbozi zimenezi ndi ana a gulugufe wausiku amene akatswiri amamutcha Euchaetes egle. Komwekotu ndi kwawo. Zinalembedwa m'mabuku mu 1773, inu musanaganize n'komwe za ulendo wa pandege. Mayi wake amaikira mazira pamodzi kunsi kwa tsamba, n'chifukwa chake tiana timadya pagulu ndipo tsamba limatha ngati ladutsidwa ndi dzombe. Zimakonda masamba okhwima, pomwe mbozi za monarch zimafuna anthete. Mbale ndi imodzi, koma aliyense ali ndi mbali yake. Chomeracho sichifa, chimaphukanso kuchokera kumizu. Mankhwala ndiye sasankha: mukapopera, mwapha ndi mlendo munamuitana uja.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Utomoni woyera ngati mkaka wa milkweed uli ndi ululu, ndipo mbozizi zimausunga m'thupi mwawo. Mitundu yowala ija ndi chenjezo kwa mbalame. Gulugufe wake, wotuwa mapiko ndi wachikasu kumimba, amauluka usiku pomwe mitundu siioneka, choncho amachenjeza mileme ndi timaphokoso tomwe khutu la munthu silingamve. Kanthu kochenjera chonchi mungakaponde ndi nsapato?

Ndinene poyera, pakuti ndikukudziwani inu okonda ndiwo zakumudzi: izi si mphalabungu. Musazikazinge. Ana asazigwirenso ndi manja, ubweya wake ungawayabwe ngati chiyabwe.

Zikachulukitsa, dulani tsamba lomwe zaunjikanapo mukaliike pa chomera china cha milkweed chakutali. Nyengo ya masamba kuyoyoka ikafika, musasese zonse pansi pa zomerazo, chifukwa m'zinyalala zimenezo ndi momwe mbozi imaluka chikwa ndi ubweya wake womwe, n'kugona mpaka chisanu chitatha.